"Ndathira feteleza koma chimanga sichikusintha": kufufuza vuto m'minda ya ku Mangochi

Chaka ndi chaka, ikangokwana Januwale, dandaulo limakhala lomweli. Munthu amakuimitsa panjira, njinga ili m'manja, n'kunena kuti, "Abambo, feteleza wa chaka chino ndi wabodza. Ndathira matumba awiri koma chimanga chili chikasu ngati sindinathiremo kanthu." Mawu amenewa ndawamva ku kalabu yathu, kumsika, ngakhale pamaliro. Feteleza wachinyengo alipodi, ndipo ndinenapo za iye kumunsiku. Koma m'minda yambiri imene ndapondamo, kuyambira kumchenga wa m'mbali mwa nyanja mpaka kumakande a kufupi ndi Malombe, thumba linalibe mlandu. Cholakwika chimakhala tsiku lothira, kathiridwe kake, kapena nthaka imene yatopa moti singathenso kusunga chimene mwaipatsa.

Pezani m'munsimu chizindikiro chofanana ndi cha m'munda mwanu, ndipo muyambe ndi choyambitsa choyamba, chifukwa ndaziika motsatana kuyambira chofala kwambiri. Popita kumunda nyamulani khasu. Zambiri zovutitsa chimanga zili pansi, ndipo munthu woima pamsewu sangazione.

## Yambani mwadziwa mlingo

Pa kabzalidwe ka Sasakawa kamene alangizi amaphunzitsa, mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Hekitala imakhala ndi mapando pafupifupi 53,000, ndipo imafuna matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa. Pa ekala ndiye kuti makilogalamu 40 a wokulitsa ndi 60 a wobereketsa. Phando lililonse limalandira pafupifupi magalamu awiri a wokulitsa (NPK) ndi atatu a wobereketsa (yureya). Pemphani alangizi akuonetseni kapu kapena chitsekerero cha botolo chokwana mlingo umenewu, musamangoyeza ndi dzanja.

Wokulitsa wa masiku ano ndi 23:10:5+6S+1.0Zn (S ndi salufa, Zn ndi zinki), amene analowa m'malo mwa chitowe wakale uja wa 23:21:0+4S. Yureya ali ndi nayitrojeni yekha, mchere wobiriwitsa masamba, magawo 46 pa 100 alionse. Mmodzi sangagwire ntchito ya mnzake. Wokulitsa amathiridwa pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera, wobereketsa pakatha masabata atatu.

## Masamba a m'munsi achita chikasu, kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati

Iyi ndi njala ya nayitrojeni, ndipo ndiyo imabweretsa madandaulo ochuluka kuposa onse. Chimanga chimachotsa chakudya m'masamba akale n'kupititsa kwa ang'ono a pamwamba, n'chifukwa chake chikasu chimayambira pansi.

1. Wobereketsa wachedwa. Werengani masiku kuchokera pamene chimanga chinamera. Ngati padutsa masabata asanu musanathire, chakhala ndi njala pa nthawi imene chimakonza kukula kwa chitsononkho. Thiranibe ngati sichinamasule ndipo nthaka ili ndi chinyezi. Chikamasula, sungani thumbalo, lidzakuthandizani kudimba.

2. Yureya sanakwiriridwe. Chaka china ndinalemba aganyu kuti andithirire, ine ndili kumaliro. Pofuna kumaliza msanga anangomwaza pamwamba pa mizere. Ndinafika patapita masiku awiri, dzuwa likuswa mtengo. Timibulu toyera tija tinali titasungunuka n'kusiya madontho onyowa pamchenga, ndipo nditawerama ndinamva fungo lolasa mphuno ngati la m'khola la mbuzi losasesa. Fungo limenelo ndi nayitrojeni akuthawira mumpweya. Kuno kotentha amathawa msanga kuposa kumapiri. Boolani ndi kamtengo masentimita 10 kuchokera patsinde, kuya ngati kutalika kwa chala, thirani, kwirirani ndi phazi. Mukalemba aganyu, khalani pomwepo.

3. Mvula yamutsuka. Mchenga sugwira nayitrojeni. Ikagwa mvula yamphamvu masiku angapo mutangothira, amatsikira pansi pomwe mizu singafike. Kumbukirani mmene minda inaonekera atadutsa anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022 kapena Freddy mu 2023. Pamchenga gawani wobereketsa pawiri: theka pa masabata atatu, theka lina patatha masabata awiri kapena atatu. Ntchito imachuluka, koma simutaya thumba lonse usiku umodzi. Mukaona kuti kwachita mdima ndipo chimvula chili pafupi, dikirani chidutse.

4. Udzu wadya. Ngati munathira musanapalire, mwadyetsa udzu. Palirani kaye nthawi zonse.

5. Thumba limodzi latambasulidwa pa maekala awiri. Izi anthu amachita chifukwa cha kusowa, ndipo sindingawadzudzule. Komabe ndinene maganizo anga: ndi bwino kuthira mlingo wokwanira pa theka la munda, theka linalo mubzale mtedza, soya kapena nandolo. Chimanga cholandira katsinidwe kochepa chimadya ntchito yofanana ndi chokhuta, koma nkhokwe siidzaza.

6. Madzi adikha. Pamakande ndi m'madambo, mizu ikamizidwa masiku awiri kapena atatu imalephera kupuma, ndipo chimanga chimachita chikasu ngakhale feteleza alipo. Tsegulani ngalande madzi atuluke, dikirani nthaka iphwe, kenako muone ngati pakufunika kuwonjezera.

7. Mwakwirira mapesi ouma kapena manyowa osapsa pafupi ndi nthawi yobzala. Tizilombo towoletsa zinyalala timayamba tabwereka nayitrojeni wa m'nthaka. Amabweranso pambuyo pake, koma chimanga chaching'ono chimakhala chitavutika kale. Mapesi akwirireni mukangokolola, ndipo manyowa alowe m'munda atapsa, osanunkha, ofumbutuka m'manja.

## Masamba a pamwamba ndiwo atuwa, kapena ali ndi mizere yoyera

Apa kuwonjezera yureya n'kutaya ndalama.

1. Munathira yureya yekha. Salufa akasowa, masamba ang'ono a pamwamba amatuwa onse pamene a m'munsi akadali obiriwira. Zimachitika kwambiri pamchenga ndi m'minda yotenthedwa chaka chilichonse, chifukwa salufa wa m'mapesi amapita ndi utsi. Chaka chamawa musadumphe wokulitsa, ndipo lekani kutentha.
2. Zinki wasowa. Mudzaona mizere yotakata yoyera mbali zonse za mtsempha wapakati, kuyambira patsinde la tsamba, chimanga chili chachifupi ndi mfundo zoyandikana. Yang'anani makamaka pamene dothi lapamwamba linakokoloka. Pogula onetsetsani kuti pathumba palembedwa Zn. Manyowa a khola amathandizanso.
3. Ntchemberezandonda. Mbozi zimene zinafika m'dziko muno mu nyengo ya 2016/17 zimayamba ndi kupala tsamba n'kusiya timalo toonekera kuwala. Suzumirani pamtima pa chimanga. Mukapeza zitosi zooneka ngati utuchi, vuto si feteleza.
4. Matenda a timizere todukaduka. Timizere ting'onoting'ono toyera todzaza tsamba lonse ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka, ndipo amakonda chimanga chobzalidwa mochedwa ndi cha kudimba. Feteleza sachiza. Zulani zogwidwazo zikadali zazing'ono.

## Chimanga chaching'ono chapinimbira, masamba ofiirira ngati chidede

Nthawi zambiri ndi fosiforasi, mchere womanga mizu.

1. Wokulitsa wachedwa kapena waikidwa kutali. Fosiforasi sayenda m'nthaka, amakhala pomwe mwamuika. Akathiridwa patatha masabata atatu, kapena pamwamba pa mzere, timizu tating'ono sitimufika. Ena amasakaniza wokulitsa ndi wobereketsa n'kuthira kamodzi chimanga chitafika m'mawondo pofuna kuchepetsa ntchito. Apo wokulitsa wachedwa ndi mwezi wathunthu.
2. Mizu yalephera kuyenda chifukwa cha madzi odikha kapena dothi lolimba pansi pa mzere. Kumbani muone.
3. Asidi wachuluka m'nthaka ndipo akumanga fosiforasi. Kayikirani izi pa dothi lofiira la kumtunda komwe kumagwa mvula yambiri, monga mbali za Namwera ndi Katuli, makamaka m'minda imene yadya feteleza zaka zambiri popanda manyowa. Izi sizidziwika ndi maso, zimafuna kuyezetsa.
4. Mtundu wa mbewu. Ina imafiirira ikadali yaing'ono ngakhale ili bwino. Ngati ikukula mwamphamvu, isiyeni.

## Chimanga chafota kapena chapsa mutangothira

1. Feteleza wakhudza tsinde kapena mbewu. Feteleza ndi mchere, amakoka madzi m'mizu. Fukulani pang'ono muone pomwe anagwera.
2. Mwathira pa ng'amba. Finyani dothi la pansi pa mzere m'dzanja. Likakana kuumbika, musathire. Mu nyengo ya 2023/24, pamene ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, ambiri anathira pouma poopa kuchedwa, n'kutaya zonse ziwiri, feteleza ndi chimanga.
3. Timibulu tagwera pamtima pa chimanga pomwaza.
4. Chiswe kapena mbozi zam'nthaka. Kokani chofotacho. Chikazuka mosavuta mizu itadyedwa, feteleza alibe mlandu.

Kudimba thirirani madzi ambiri kuti mcherewo usungunuke. Kumunda wa mvula palibe china koma kudikira.

## Kaufiti wadzaza m'munda

Timaluwa tofiira tija tikamaonekera, chimanga chimakhala chitayamwidwa kale kwa masabata angapo, chifukwa kaufiti amadziphatika kumizu ali pansi. Mudzaona chimanga chofota ngati kuli ng'amba chikhalirecho nthaka ili yonyowa.

1. Nthaka yaguga. Kaufiti amakonda munda wosauka nayitrojeni ndi manyowa.
2. Chimanga chaka ndi chaka pamalo omwewo. Kusinthira ku mapira kapena mawere sikuthandiza, chifukwa nazonso amaziyamwa.
3. Njere zabwera ndi madzi, makasu kapena ziweto kuchokera m'munda wina.

Muzuleni asanachite maluwa, mumutulutse m'munda n'kumutentha. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10. Bzalani soya, mtedza kapena thonje pamenepo: mbewu zimenezi zimameretsa njere za kaufiti koma sizimudyetsa, ndiye amafa. Thirani manyowa ambiri pamalo ogwidwawo. Musayembekeze kuti atha chaka chimodzi.

## Chaka chilichonse mukuwonjezera feteleza, koma matumba a chimanga ndi omwewo kapena akuchepa

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limandiwawa chifukwa limabwera mwakachetechete. Munthu amagulitsa mbuzi kuti agule thumba lachitatu, osadziwa kuti nthaka yake yasanduka ngati dengu lotungira madzi.

Chitani izi musanagule china chilichonse. Kumbani dzenje lofika m'chigongono pakati pa munda, lina pansi pa mtengo wa nsangu kapena m'malire momwe simulimidwa. Yerekezani. Dothi lamoyo limakhala lakuda pamwamba, limafumbutuka timibulutimibulu, limanunkhira ngati mvula yoyamba, ndipo mumapezeka nyongolotsi. Lotopa limakhala lotuwa, likauma limachita chikhungu cholimba pamwamba, mukathira ndowa ya madzi amangoyenderera.

1. Nthaka yatha manyowa. Feteleza wa m'thumba amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho. Chimene chimagwira madzi ndi mchere kuti zisathawe ndi zowola za m'nthaka, ndipo zimenezo sizipezeka m'thumba la NPK. Tikatentha mapesi, kapena ziweto zikadya onse n'kukasiya ndowe kwina, timachotsa osabwezera.

- Pangani manyowa mukangokolola, mu Meyi ndi Juni, zinyalala zikadali zambiri: a chimato, a changu, a m'dzenje kapena a khola. Akachepa musamwaze munda wonse. Ikani manja awiri paphando.
- Manyowa ndi feteleza aziyendera limodzi. Sindikunena kuti mutaye feteleza. Pa nthaka yathuyi manyowa okha kawirikawiri sakwanitsa njala ya chimanga cha haibulidi, koma feteleza wothiridwa pomwe pali manyowa amabweza zambiri kuposa wothiridwa pamchenga wouma.
- Mbeya, manyowa osakanizidwa ndi feteleza pang'ono, amathandiza. Kasakanizidwe kofala ndi ndowa ya malita 20 ya madeya, ndowa ina ya ndowe zouma zopera, theka la ndowa la phulusa, makilogalamu 10 a feteleza ndi malita 5 a madzi. Mumaika m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga zolimba, kusunga pamthunzi masiku 21, kenako kuyanika pamthunzi. Kwina amagwiritsa ndowe za nkhumba, koma kuno kumene mabanja ambiri saweta nkhumba, za mbuzi ndi zitosi za nkhuku zimagwira bwino lomwe. Chenjezo langa ndi ili: thumba la yureya lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, pamene makilogalamu 10 ali ndi 4.6 okha. Madeya ndi ndowe zimawonjezerapo, koma sizifikitsa pa 23. Choncho Mbeya musamuyeze ndi chitsekerero cha botolo. Amafuna mlingo wokulirapo paphando.
- Sinthanitsani ndi mbewu za gulu la nyemba. Nandolo wobzalidwa pamodzi ndi mtedza chaka chino amasiyira chimanga cha chaka chamawa masamba ndi nayitrojeni, ndipo mizu yake imaboola pansi polimba.
- Nsangu musadule. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye suphimba chimanga, ndipo aliyense wodutsa m'minda ya m'mbali mwa nyanja waonapo mmene chimanga cha pansi pake chimabiriwirira. Timitengo tomera tokha tisiyeni pogalauza. Gilisidiya ndi ombwe nazonso zimabwezera nthaka.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya mbuzi. Kwathu kuno chimanga chikangochoka m'munda ziweto zimamasulidwa, nandolo akadali wosakhwima, mapesi ophimbira ali pansi. Mayi wina wa ku kalabu yathu anaphimbira munda wake wonse bwinobwino, koma pofika Ogasiti munali mbee, ndi ndowe zochepa chabe zotsala. Vuto limeneli munthu mmodzi sangalithetse. Likufuna kukhalirana pansi ndi a mfumu, eni ziweto ndi eni minda, kuti pakhale lamulo la m'mudzi la nthawi yomasulira ziweto ndi chilango cha wotentha tchire. Pamene lamulo lotere palibe, tutani mapesi ena mupangire manyowa pakhomo.

2. Dothi lapamwamba likupita ndi madzi. Kafukufuku anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala pa chaka. Onani ngati mizu ya mitengo yayamba kuonekera, ngati miyala ikuchuluka pamwamba, kapena ngati mchenga ukuunjikana kumunsi kwa munda. Mizere itsate akalozera mopingasa chitunda, muike ngonyeka kuti madzi aime, mubzale vetiva. Dothi lopitalo limanyamula feteleza wanu kukathira mu Shire ndi Malombe, komwe amakadyetsa namasupuni ndi ndere, matope n'kukwirira malo oswanirana chambo. Amene mumalima m'mphepete mwa mtsinje, siyani mpata wa udzu ndi bango pakati pa munda ndi madzi.

3. Pansi pa mzere pauma ngati simenti. Khasu likamafika malo amodzimodzi zaka zambiri, pansi pake pamatsendereka. Zulani phesi muone mizu. Ndinazulapo lina mizu yake itatsika pang'ono n'kupindikira kumbali yonse ngati chigongono. Chimanga chotere chimafota pakangodutsa sabata popanda mvula. Gwiritsani maenje obzalamo okumbidwa kupyola polimbapo n'kuikamo manyowa, kapena bzalani nandolo zaka ziwiri.

4. Asidi. Yureya wa chaka ndi chaka popanda manyowa amachulukitsa asidi pang'onopang'ono. Nambala ya pH, yoyezera asidi wa m'nthaka, ikatsika kupyola 5.5, gawo lina la feteleza limangomangika m'dothi. Mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, koma musathire musanayezetse. M'mbali mwa nyanja muli malo ena amene nthaka ilibe asidi, mwinanso ili ndi mchere, ndipo laimu pamenepo amangowonjezera vuto la zinki.

5. Mbewu yobwereza. Haibulidi wotengedwa m'nkhokwe sabereka ngati wa m'paketi, ngakhale mumudyetse bwanji.

## Thumba lenilenilo likukayikitsa

1. Lagwira chinyezi. Yureya amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kuchita zibuma. Izi zimachitika thumba likasungidwa pansi, lotsamira khoma kapena lotsegula. Ngati sanasungunuke n'kutayika, phwanyani zibumazo mugwiritse ntchito. Sanjikani matumba pamitengo, kutali ndi ufa ndi mbewu.
2. Sikelo yaperewera. Wogulidwa pa mbale kapena pa ndowa kumsika ndiye amavuta kwambiri. Thumba lathunthu ndi makilogalamu 50, yezetsani musanakweze panjinga.
3. Losokedwanso. Yang'anani ulusi wa pakamwa ndi pulasitiki ya m'kati.
4. Losakanizidwa ndi mchenga kapena dothi. Tapani supuni ziwiri kuchokera pansi pa thumba, osati pamwamba, muike m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Yureya weniweni amasungunuka yense ndipo botolo limazizira m'manja. NPK amasiya matope ofewa pang'ono, koma osati mchenga wolasa zala.

Mukapeza chinyengo musathire, ndipo musataye thumba. Sungani lisiti, uzani alangizi ndi apolisi. Kuyeza kotsimikiza ndi ntchito ya akatswiri monga a Malawi Bureau of Standards. N'chifukwa chake muyenera kugula kwa wogulitsa wovomerezeka amene ali ndi sitolo yoti mudzaipezanso mawa.

## Feteleza wotsika mtengo wa boma sanakufikeni, kapena wafika mochedwa

Ndondomekoyi inayamba mu 2005 nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndi makuponi aja. Mu 2020 inasintha kukhala AIP (Affordable Inputs Programme), thumba pa K4,495, kwa mabanja opitirira 3 miliyoni. Pofika 2022 thumba linali pa K15,000, mtengo wa feteleza utakwera padziko lonse ndi nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ndipo mu 2023 opindula anatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Kwacha nayo inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi Novembala 2023. Dzina ndi mtengo zimasintha, koma matumba amakhala awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, okwanira pafupifupi ekala imodzi.

1. Dzina lanu silili pa mndandanda. Malo ndi ochepa kuposa alimi, choncho si nthawi zonse pamene pachitika chinyengo. Kafunseni msanga, mu Seputembala kapena Okutobala, kwa alangizi ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.
2. Chiphaso cha unzika chili ndi vuto: chatayika, chafufutika, kapena dzina lalembedwa mosiyana ndi la pa mndandanda. Konzetsani ku ofesi ya kalembera nyengo isanayandikire.
3. Netiweki yavuta kapena katundu watha pamalo ogulitsira. Pitani ngati gulu, mulembe masiku amene mwabwezedwa, mukapereke ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ndi Nasenga, Lungwena, Chilipa, Nankumba kapena kwina.
4. Wabwera mtundu umodzi wokha. Ukakhala wobereketsa, bzalani ndi manyowa paphando. Ukakhala wokulitsa, thirani theka poyamba, theka lina pa masabata atatu.
5. Wina wagula kale ndi dzina lanu, kapena akukupemphani kenakake kapamwamba. Musapereke chiphaso chanu kwa mavenda. Kadandauleni kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Musachedwetse kubzala podikira feteleza wa boma. Mvula ya kuno ndi yaifupi. Ndipo thandizo la boma si matumba okha ayi. Alangizi salipiritsa. M'zaka zapitazi panalinso ntchito za M'bwezera Chilengedwe zolipira anthu pokumba maswale (ngalande zogwira madzi), kutseka zigwembe ndi kubzala mitengo, pulojekiti ya MWASIP yosamalira madera othira madzi mu Shire, komanso ngongole za zipangizo za ulimi zochokera ku bungwe la boma la NEEF kwa amene anali m'magulu. Ngongole iwerengereni bwino musanasaine, poganizira chaka cha ng'amba. Ine ndikanakonda boma likanaika mphamvu pa kuyeza nthaka, mbewu ya nandolo ndi soya, ndi kuchulukitsa alangizi, mofanana ndi mmene limaikira pa matumba. Mlangizi mmodzi wa njinga yakapalasa sangayendere midzi yonse imene amapatsidwa.

## Lekani apa, itanani odziwa

- Mwana wadya feteleza, kapena wamwa madzi osungunuliramo: thamangirani naye kuchipatala, mutenge thumba kapena chizindikiro chake. Musamusanzitse. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15.
- Mbuzi kapena ng'ombe yanyambita yureya ndipo ikunjenjemera, kutuluka dovu kapena kutupa mimba: itanani alangizi a ziweto nthawi yomweyo. Yureya amapha chiweto msanga.
- Pamwamba pa dimba pachita zoyera ngati mchere ndipo mbewu zikupsa m'mphepete mwa masamba: lekani kuthira feteleza, nthaka ndi madzi othirira ziyezedwe.
- Chizindikiro chikufalikira msanga kuchoka phando lina kupita lina, kapena chagwiranso minda ya anansi: angakhale matenda, alangizi aone tsiku lomwelo.
- Chigwembe chakula kufika m'chiuno: pamafunika alangizi osamalira nthaka ndi mudzi wonse.
- Mukufuna kuthira laimu, kapena mwakonza zonse zili pamwambazi kwa zaka ziwiri popanda kusintha: yezetsani nthaka.

Malo oyezera nthaka alipo ku Chitedze ku Lilongwe, ku Bvumbwe ku Thyolo, ku bungwe la kafukufuku wa fodya la ARET ndi ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo alangizi angakuthandizeni katumizidwe ndi mtengo wake. Kalabu ikasonkherana zimapepuka. Potenga dothi yendani mokhotakhota m'munda, mutape malo 15 kapena 20, kuya masentimita 20, mopewa pachulu, pamene panali manyowa ndi pamene panayaka moto. Sakanizani m'ndowa yoyera imene simunakhalepo feteleza kapena phulusa, mutengepo theka la kilogalamu, muyanike pamthunzi. Mbali ya mchenga ndi ya makande zikhale m'timatumba tosiyana. Lembani dzina la mudzi, mbewu imene munalima ndi feteleza amene mwakhala mukuthira. Chitani izi mu Julayi kapena Ogasiti, kuti zotsatira zikupezeni musanagule thumba la chaka chimenecho.